Kumata timatabwa pa ziboda za ng'ombe zotsimphina: zolemba za gulu lathu la mkaka ku Thondwe

Zolemba izi ndi za ntchito imene gulu lathu la alimi a ng'ombe za mkaka, kufupi ndi Thondwe m'boma la Zomba, linagwira kuyambira Januwale mpaka Malichi 2025 pofuna kuthandiza ng'ombe zimene zinkatsimphina m'nyengo ya mvula. Phazi lililonse la ng'ombe lili ndi ziboda ziwiri, chamkati ndi chakunja, ndipo chimodzi chikavulala, chinzakecho chimatha kusenza kulemera konse kwa masabata angapo ngati chakwezedwa pang'ono. Choncho tinkamata kathabwa kunsi kwa chiboda chabwino kuti chodwalacho chisagunde pansi mpaka chitapola. Ine ndine mlembi wa gululi, ndipo mitengo imene ndatchula ndi imene tinalipira pa nthawiyo.

8 Januwale 2025: kuyendera makola

Tinayendera makola a mamembala onse pamodzi ndi mlangizi wa ziweto wa dera lathu, ndipo mwa ng'ombe 31 tinapezapo 6 zotsimphina. Ng'ombe iliyonse tinkaitulutsa ndi kuiyendetsa pabwalo pouma, chifukwa m'khola lopapatiza imangoima malo amodzi, ndipo mwini wake amatha kukhala nayo milungu ingapo osazindikira kuti ikumva kuwawa. Zizindikiro zimene mlangizi anatiuza kuti tiziyang'ana ndi msana wokhotera m'mwamba poyenda, mutu wogwedera nthawi iliyonse phazi lodwala likaponda, ndiponso kutangadza miyendo yakumbuyo poima.

Asanagwire phazi lililonse, mlangizi anayamba watsegula pakamwa pa ng'ombe zisanu ndi imodzi zonsezo, kuyang'ana lilime ndi nkhama, kenako kuyeza kutentha kwa thupi. Ankafuna kutsimikiza kuti si matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene amabuka kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo akapezeka amakanenedwa ku ofesi ya za ziweto nthawi yomweyo. Panalibe ng'ombe yotuluka dovu kapena yokhala ndi matuza m'kamwa, motero tinapitiriza.

Ng'ombe ziwiri zinali zitatupa pamwamba pa ziboda mofanana mbali zonse, ziboda zitatalikirana, ndipo khungu la pakati pake linali litang'ambika ndi kununkha. Kumeneku ndi kuola kwa phazi kumene kumayamba ndi tizilombo ta m'matope ndi m'ndowe, ndipo kathabwa sikathandiza chilichonse pamenepo chifukwa vuto silili m'chiboda. Mlangizi anatsuka zilondazo ndi kubaya jakisoni wa oxytetracycline, mankhwala opha tizilombo, amene botolo lake tinagula K16,000, ndipo eni ake sanapititse mkaka wa ng'ombezo ku malo osonkhanitsira mpaka masiku olembedwa pa botolo atakwana. Ng'ombe ina inali itatupa bondo la mwendo wakumbuyo chifukwa chogona pa simenti yopanda chofunda pansi, ndipo imeneyo inangofunika pogona pofewa. Zotsala zitatu, Tadala, Mwaiwathu ndi Nyenyezi, zinalibe chotupa chooneka koma sizinkafuna kuponda ndi phazi lakumbuyo, ndipo ndi zimenezi zimene tinazilemba kuti ziboda zake zisemedwe.

13 Januwale: zipangizo

Tinagula mipeni iwiri yopindika kunsonga yosemera ziboda, wa dzanja lamanja ndi wa dzanja lamanzere, pa K28,000, tupa pa K9,500, chingwe cholimba cha mamita 15 pa K18,000 ndi botolo la spiriti pa K4,000. Chodulira ziboda, chimene chimaoneka ngati pulayala yaikulu, tinabwereka kwa mlangizi. Kalipentala wa pa Thondwe anatichekera timatabwa 10 ta paini pa K6,000, kalikonse masentimita 11 mulitali, 5 mulifupi ndi 2.5 kuchindikala, ndipo anadula timizere ndi sowo mbali zonse ziwiri kuti guluu azigwira bwino kumtunda komanso kuti ng'ombe isamaterereke.

Chovuta chinali guluu. Guluu wa ziboda amabwera ngati ufa ndi madzi ake osakanizira, ndipo m'masitolo a mankhwala a ziweto amene tinafunsa mu mzinda wa Zomba munalibe. Sitolo ina ya ku Blantyre inavomera kutiitanitsira kuchokera ku South Africa pa K185,000, wokwanira mapazi pafupifupi 12, koma inati tidikire. Pamsonkhano panali mkangano ndithu, poti ndalama imeneyi ndi yambiri kwa gulu laling'ono, ndipo mamembala amene ng'ombe zawo zinali bwinobwino sanaone chifukwa chotengera m'thumba la onse. A tcheyamani anawakumbutsa kuti makola athu onse anamangidwa mofanana ndipo mvula ikugwa pa onse, ndiye anavomera.

15 Januwale: pogwirira ng'ombe

Palibe amene angaseme chiboda bwino ng'ombe ikumenya mateche, choncho tinamanga kampanda kopapatiza pakhomo pa membala amene amakhala pakati pa ena onse. Tinagwiritsa ntchito mitengo 14 ya bulugamu, K35,000, ndi misomali ya K9,000, ndipo ntchito tinagwira tokha. Mkati mwake munatsala masentimita 75 kuti ng'ombe isatembenuke. Kumbuyo tinapingasa mtengo wolimba m'mwamba, pamene chingwe chimadutsa chitamangidwa pamwamba pa bondo la mwendo wakumbuyo, kuti anthu awiri azikoka mpaka phazi litakwera ndi kutembenukira kumbuyo. Pamene tinayesa ndi ng'ombe yabwinobwino, inangogwada pansi mwendo uli m'mwamba, zimene zikanatha kuiguula m'chiuno. Tinatenga matumba atatu a feteleza, kuwapinda ndi kuwasoka pamodzi kukhala lamba wotambalala, ndipo lambayo tinamudutsitsa kunsi kwa chifuwa ndi kumumangirira ku mitengo ya m'mbali. Kuyambira pamenepo ng'ombe ikafooka imangotsamira pa lambayo. Mfundo ya chingwe iyenera kukhala yomasuka ndi kukoka kamodzi, kuti mwendo utsitsidwe msanga zinthu zikavuta.

18 Januwale: Tadala

Tadala ndi ng'ombe ya mtundu wa Friesian wosakanikirana ndi ng'ombe zakuno, inabereka mu Novembala, ndipo mkaka wake unali utatsika kuchoka pa malita 14 kufika pa 8 patsiku. Vuto linali phazi lakumbuyo lakumanzere. Titatsuka ndi madzi ndi burashi, mlangizi anayeza chiboda chamkati kuchokera pamene khoma lolimba limayambira kufika kunsonga, nadula pa masentimita 7.5, motsatira njira yosemera ziboda imene Toussaint Raven wa ku Netherlands anakhazikitsa. Kunsi kwa chiboda chamkaticho anangopalako pang'ono kwambiri, makamaka kuchidendene, chifukwa ndicho chinali kudzasenza kathabwa ndipo chinayenera kukhala chochindikala. Kenako anatembenukira ku chiboda chakunja, chimene chinali chitakula kuposa chinzake. Pa miyendo yakumbuyo chiboda chakunja ndicho chimalemedwa kwambiri, ndipo ng'ombe zonse zimene tinamata zinali ndi vuto pa chiboda chimenechi.

Atapala kamodzi kawiri, panaoneka kadontho kakuda pa mzere woyera umene khoma la chiboda limakumanirana ndi kunsi kwake, chakufupi ndi chidendene. Atapanikiza pamenepo ndi chodulira, ng'ombe inakoka mwendo mwamphamvu mpaka mtengo wopingasa unalira. Iye anatsata kadonthoko ndi nsonga yopindika ya mpeni, kuchotsa tizidutswa topyapyala, mpaka mpeni unakhudza kamwala kakang'ono ngati njere ya mapira. Kamwalako katangochoka, mafinya otuwa onunkha anatumphuka ndi kuyenderera pa dzanja lake. Mwini ng'ombe, mayi wachikulire amene ankaigwira mutu, anafuula poganiza kuti phazi laboolekeratu, koma mlangizi anati, "Mayi, musade nkhawa, zimene zikutulukazi ndi zimene zimaipweteka, ndipo usiku uno igona bwino." Anachotsa khoma lonse limene linali litasiyana ndi mnofu, kusiya malowo otsetsereka kuti ndowe isamatsakamire, ndipo sanakumbe dzenje lozama. Magazi sanatuluke. Sanamange bandeji, chifukwa m'khola la mvula bandeji imanyowa tsiku lomwelo ndi kusunga ndowe pa chilonda.

Popeza guluu wa ziboda anali asanafike ndipo ng'ombe inali kale m'kampanda, gulu linagwirizana zoyesa guluu wa machubu awiri wa m'sitolo ya zipangizo zomangira, amene tinagula K11,000. Anachedwa kuuma kotero kuti mwendo unakhala m'mwamba mphindi zoposa 20, ng'ombe ikutopa ndi kugwedezeka, ndipo kugwedezekako kunasuntha kathabwa guluu asanagwire. Pa 20 Januwale mayi aja anakapeza kathabwa m'ngalande ya khola, guluu yense ali pa thabwa, pa chiboda palibe ngakhale pang'ono. Guluu wotereyu ndi wopyapyala, sadzaza mipata ya kunsi kwa chiboda, ndipo akauma amangothetheka pamene chiboda chikufutukuka ndi kulemera kwa ng'ombe. Sindikulangiza aliyense kutaya ndalama pa iye.

24 Januwale: guluu wa ziboda

Guluu anafika pa minibasi, mtengo wa ulendo K8,000. Dzulo lake tinali titapempha mwini wa Tadala kuti aigoneke pa utuchi wouma pansi pa denga losadontha, chifukwa chiboda chimene chagona m'madzi usiku wonse chimamwa chinyezi, ndipo kupukuta ndi nsalu m'mawa sikukwanira. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse m'nyengo ya mvula kuno ku Zomba: guluu sagwira pa chiboda chonyowa, ngakhale atakhala wodula bwanji.

Tinayamba dzuwa litakwera. Sitinatsukenso ndi madzi. Mlangizi anapala kunsi kwa chiboda chamkati ndi tupa mpaka panaoneka poyera ndi pofanana, anapalanso khoma la m'mbali masentimita awiri kukwera m'mwamba, kenako anajambula timizere tosazama ndi mpeni. Anapanikiza chibodacho paliponse kuti atsimikize kuti sichikupweteka, poti kumata kathabwa pa chiboda chimene nachonso chili ndi vuto ndi kuwonjezera ululu. Tinapukuta ndi spiriti ndi kudikira kuti aume, ndipo kuchokera pamenepo palibe amene analoledwa kukhudza ndi chala, chifukwa mafuta a m'manja okha amalepheretsa guluu kugwira.

Ufa ndi madzi ake tinasakaniza m'kachitini motsatira muyeso wa pa paketi, kutakasa ndi kamtengo mpaka guluu atasiya kudontha. Madzi amenewa ali ndi fungo lamphamvu ndipo amayaka msanga, choncho mbaula ndi fodya zinakhala kutali. Tinapaka pa thabwa ndi kunsi kwa chiboda, kusiya gawo lofewa la chidendene lopanda guluu, chifukwa guluu akauma amalimba kwambiri ndipo akhoza kuboola pofewapo. Pokanikiza kathabwa sitinafinye mpaka guluu yense kutuluka, koma tinasiya mamilimita atatu kapena anayi pakati pa thabwa ndi chiboda, ndipo wotuluka m'mbali tinamupaka kukwera pa khoma. Mlangizi anadutsitsa chala chovala gulovu pakati pa ziboda ziwirizo kuchotsa guluu aliyense amene akanauma ndi nsonga yocheka khungu. Anaonetsetsanso kuti kathabwa kagona mofanana, kosapendekera mkati kapena kunja, ndipo m'mphepete mwake mwalingana ndi mbali yamkati ya chiboda.

Guluuyu akamauma amatentha, moti munthu amamva m'manja, ndipo kutenthako kukayamba kutsika ndiye kuti walimba. Zinatenga mphindi pafupifupi 7. Titatsitsa mwendo, Tadala inaima kanthawi ikuyesa phazi, kenako inaponda ndi kathabwa, chiboda chodwala chili m'malere masentimita awiri kuchokera pansi, ndipo inabwerera kwawo msana uli wowongoka.

Mlangizi anaibaya ketoprofen, mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa, kamodzi patsiku kwa masiku atatu. Botolo la mamililita 100 linali K42,000, ndipo pa ng'ombe ya makilogalamu 400 pamapita mamililita 12 patsiku, kutanthauza kuti botolo limodzi silikwanira bwino ng'ombe zitatu. Ena anafuna kuti tisiye jakisoniyu kuti tisunge ndalama, koma mlangizi anatiuza za kafukufuku wa pa University of Nottingham wa mu 2015, pamene mwa ng'ombe zongosemedwa ziboda zinachira 24 pa 100 zilizonse patatha masiku 35, koma mwa zosemedwa, kumatidwa kathabwa ndi kubayidwa mankhwala a ululu zinachira 56 pa 100. Mkangano unathera pomwepo.

27 Januwale: Mwaiwathu ndi Nyenyezi

Mwaiwathu ndi ng'ombe yaikulu thupi koma yowonda, ndipo kwawo ndi kutali moti kuiyendetsa kufika pa kampanda kukanakhala kuizunza. Tinagwiritsa ntchito malo ake okamira, titangowonjezera mtengo wopingasa m'mwamba ndi lamba wa matumba uja, ndipo zinatheka bwino. Kunsi kwa chiboda chakunja cha phazi lakumbuyo lakumanja, pamene chidendene chimayambira, panali chilonda chozungulira, mnofu wofiira utatulukira kunja. Chilonda chotere chimayambira mkati, pamene fupa la m'chiboda limapanikiza mnofu, ndipo chimakonda ng'ombe zowonda zimene zangobereka kumene komanso zimene zimaima nthawi yaitali pa simenti.

Mlangizi anapepula chiboda mozungulira chilondacho mpaka m'mphepete mwake munapyapyala, anatsitsa chidendene cha chiboda chodwalacho, ndipo mnofu wofiirawo sanaudule. Mwini ng'ombe anabweretsa oyilo wakuda wa galimoto ndi mankhwala a buluu osambitsira mapazi, nati, "Alangizi, tithirepo kuti chiume msanga." Mlangizi anayankha kuti, "Ayi bambo, pamenepa ndi pamene chiboda chatsopano chimamerera, mukapawotcha chichedwa kutseka." Ndikugwirizana nawo kwathunthu, ndipo ndikupempha alimi anzanga kuti asiye kuthira oyilo, asidi wa batire kapena mchere pa mnofu wamoyo wa chiboda.

Tinamata kathabwa ka masentimita 11 monga tinachitira ndi Tadala, koma mawa lake mwini wake anaona kuti ng'ombe ikuponda ndi chidendene, nsonga ya phazi itayang'ana m'mwamba. Kathabwako kanali kakafupi pa phazi lalikulu chotere, kanathera pakati osafika kunsi kwa chidendene, ndipo ng'ombe inkapendamira kumbuyo mpaka chilonda chinkagundabe pansi. Kusiya choncho kukanakoka mitsempha ya kumbuyo kwa mwendo. Pa 29 Januwale tinakachotsa poswa guluu ndi chodulira, tinapalanso chiboda ndi tupa, ndipo tinamata kena ka masentimita 13 kamene kalipentala anacheka m'mawa womwewo. Nthawi ino tinayamba tayerekeza kathabwa pa chiboda tisanasakanize guluu, ndipo tinakabwezera kumbuyo kuti kafike pansi pa chidendene ngakhale kuti guluu sanafike kumeneko. Muyeso umodzi wa guluu, wokwanira phazi limodzi, unawonongeka, pafupifupi K16,000.

Nyenyezi sitinaimate. Titakweza phazi tinapeza kuti ziboda zonse ziwiri zinali zitaperepeseka, kunsi kwake kuli madontho ofiira ndi achikasu, ndipo pokanikiza ndi chala chachikulu pankabonyoka. Khola lake linali litangoikidwa simenti yatsopano yokhakhala mu Disembala, ndipo inali itadya ziboda. Panalibe chiboda chabwino choti n'kusenza kathabwa, ndipo panalibenso choti n'kusema. Mlangizi anaibaya mankhwala a ululu amene anatsala, ndipo mwini wake anaitchingira malo a dothi ndi mchenga pansi pa denga la udzu kuseri kwa khola, kumene inkadyera nsenjere ndi madeya osapondanso pa simenti.

11 Febuluwale: paini watha

Kathabwa ka Tadala sikanagwe, koma kanaperepeseka. Patatha masabata awiri ndi theka kanatsala sentimita imodzi kunsonga ndipo kanadyeka mopendekera, moti chiboda chodwala chinayambanso kukhudza pansi. Paini wa ku phiri la Zomba ndi wosavuta kupeza ndiponso wosavuta kucheka, koma ndi wofewa, ndipo akanyowa pa simenti yokhakhala sachedwa kutha. Kathabwa ka Mwaiwathu, ngakhale kanalinso ka paini, kanali kadakali bwino chifukwa mwini wake anali atathira mchenga pamalo onse oimapo. Kalipentala anatichekera timatabwa tina ta bulugamu wouma, theka ta masentimita 11 ndi theka ta 13, pa K7,500, ndipo anaboola timabowo tosazama kumtunda popeza thabwa lolimba silimwa guluu. Bulugamu wauwisi tinamukana chifukwa ali ndi madzi ndipo amang'aluka akamauma. Tinamata kathabwa katsopano pa Tadala tsiku lomwelo. Dzenje la pa mzere woyera linali louma, lopanda fungo, ndipo mkati mwake munali mutayamba kuphimbika.

14 mpaka 20 Febuluwale: kukonza khola la Tadala

Titaona mmene khola la Tadala linalili, zinali zoonekeratu kuti kathabwa kakadzachoka vuto lidzabwerera. Simenti ya pansi inali itasweka pafupi ndi chodyera, miyala ya konkire ili pamtunda, ndipo kamwala kamene tinachotsa m'chiboda kayenera kuti kanachokera pamenepo. Ngalande inali itatsekeka, kotero kuti mkodzo ndi madzi a mvula zinkaima mpaka kumiza ziboda, ndipo chiboda chonyowa nthawi zonse chimafewa ndi kulola miyala kulowa. Malata awiri a pamalo ogona anali ataboola, pogonapo pali chithaphwi. Ng'ombe ya mkaka imafunika kugona maola pafupifupi 12 patsiku, koma mwini wake anati ngakhale usiku ankaipeza itaima.

Mayi aja anagula matumba atatu a simenti pa K96,000, ngolo ziwiri za mchenga pa K20,000 ndi malata awiri pa K44,000, ndipo mmisiri analipidwa K30,000, zonse pamodzi K190,000, zimene gulu linawabwereka kuti azibweza podula pa mkaka mwezi ndi mwezi. Mmisiri anakonza posweka, anatsetsereketsa pansi kulowera ku ngalande, ndipo tinamuletsa kusiya pamwamba pokhakhala ndi tsache monga amachitira ambiri. Anasalaza ndi thabwa, kenako anajambula mizere yosazama yotalikirana kuti ng'ombe isaterereke. Mvula inagwa usiku woyamba ndi kukokolola mbali ina imene inali isanaume, ndipo anabwerezanso pamenepo ataphimba ndi pepala la pulasitiki. Tadala inakhala pa dothi kuseri mpaka simenti itaumiratu ndi kutsukidwa kangapo, chifukwa zimene zinachitikira Nyenyezi tinali titaziona. Pogona tinakweza ndi dothi lotsendera, pamwamba mchenga ndi utuchi wochokera kwa ocheka matabwa.

24 Febuluwale: ng'ombe yachinayi

Membala wina anabwera yekha kudzanena kuti ng'ombe yake yayamba kutsimphina dzulo lake. Tinapeza kachidutswa ka waya kataboola kunsi kwa chiboda chakunja, mafinya asanachuluke. Mlangizi anachotsa wayayo, anatsegula pang'ono kuti pazituluka zoipa, tinamata kathabwa ka bulugamu, ndipo ntchito yonse sinafike theka la ola. Mkaka wa ng'ombe imeneyi sunatsike n'komwe, ndipo mwa zonse zimene tinamata ndi imene inachira msanga. Tadala ndi Mwaiwathu zinali zitatsimphina milungu ingapo tisanazikweze phazi.

7 Malichi: kuchotsa

Panali patatha masabata 6 chimatireni kathabwa koyamba kogwira pa Tadala, ndipo kathabwa sikayenera kupitirira nthawi imeneyi osaonedwa, chifukwa chiboda chimene chikusenza chokha chimatha kuyamba chilonda chakechake pansi pa thabwa. Tinaswa guluu wa m'mbali ndi chodulira, tinakanula kathabwa, ndipo tinapala guluu wotsala ndi tupa. Chiboda chamkati chinali bwino. Pamene panali dzenje panali patadzaza chiboda chatsopano cholimba, ngakhale kuti khoma limene tinachotsa linali lisanatsike lonse, poti chiboda chimakula mamilimita pafupifupi 5 okha pamwezi. Mlangizi analinganiza ziboda ziwirizo, kusiya chakunja chotsikirapo pang'ono kuchidendene. Tadala ikuyenda bwino ndipo ikupereka malita 12 patsiku. Kathabwa ka ng'ombe yachinayi tinakachotsa pa 21 Malichi popanda vuto lililonse.

12 Malichi: Mwaiwathu ikadali pa thabwa

Chilonda cha Mwaiwathu chinali chitatsekeka, koma ndi chiboda chopyapyala chimene chinkabonyoka pokanikiza, ndipo ng'ombe inkakokabe mwendo. Mlangizi anayeza chiboda chamkati paliponse, ndipo atapeza kuti sichikupweteka, tinamata kathabwa kena ka bulugamu ka masentimita 13 koti kakhale masabata anayi. Anauzanso mwini wake kuti awonjezere chakudya, makamaka madeya osakaniza ndi masamba a nyemba ndi a mtedza, popeza ng'ombe yowonda imakhala ndi mafuta ochepa kunsi kwa fupa la m'chiboda ndipo chilonda chotere chimabwerera mosavuta. Ng'ombe imeneyi idzafunika kuikweza phazi miyezi itatu kapena inayi iliyonse ngakhale itaoneka yochira.

25 Malichi: ndalama ndi zotsala

Gulu lawononga K404,000, kuphatikizapo K25,000 ya mafuta a njinga yamoto ya mlangizi, osawerengera ngongole ya khola la Tadala. Mwa ndalama imeneyi, K193,000 inapita ku guluu wa ziboda ndi ulendo wake. Tagwiritsa ntchito miyeso 6, ndipo miyeso iwiri mwa imeneyi inapita pa kubwereza chifukwa cha kathabwa kakafupi ndi paini wofewa. Guluu wotsala akusungidwa kwa msungichuma, m'chitini chotseka bwino, pamalo ozizira ndi kutali ndi moto, poti madzi ake amauluka botolo likapanda kutsekedwa zolimba.

Msonkhano wa lero wagwirizana kuti membala azilipira K17,000 pa kathabwa kalikonse kuti guluu akatha tidzathe kuitanitsa wina, ndipo mankhwala a ululu azigula yekha kudzera kwa mlangizi. Anyamata awiri a m'gululi ayamba kuphunzira kusema pa mapazi a ng'ombe zophedwa amene tikugula kwa ogulitsa nyama pa msika wa Thondwe, ndipo sadzagwira ng'ombe yamoyo mlangizi palibe mpaka iye atakhutira. Nyenyezi ikadali pa mchenga. Ziboda zake zayamba kulimba koma sizinafike poti n'kubwerera pa simenti, ndipo mwini wake akukhula pansi pa khola ndi njerwa yootcha kuti pasalale. Tidzaikwezanso phazi pa 9 Epulo, tsiku lomwe tidzachotse kathabwa ka Mwaiwathu.